Msewu Unapatukira Achule

Anthu akamayamikira msewu watsopano wodutsa m'mbali mwa Dukathole ine ndimangotseka pakamwa, chifukwa ndikati ndiyankhe ndikhoza kutukwana munthu wosalakwa. Amati ndi wosalala, amati matakisi sachedwanso popita ku Germiston. N'zoona, sachedwa. Koma pamene padutsa msewupo panali mzere wa mitengo ya bulugama, ndipo pansi pa mtengo umodzi wopindika panagona mwana wanga.

Ndinabwera ku Joni kutsatira amuna anga, mwana wathu woyamba titamusiya kwa amayi anga ku Dedza. Tinkachita lendi mkhukhu ku Dukathole komweko, kanyumba ka malata koti ukayetsemula a khomo linalo amati pepani. Amuna anga ankagwira maganyu a zomangamanga, lero alipo mawa palibe, ine ndinkachapa ndi kusita kwa madamu wina ku Boksburg. Chaka chotsatira ndinaima. Mimba inakula bwinobwino mpaka mwana kuyamba kugunda, ine n'kuyamba kusankha timalaya pa kaunjika wa pasiteshoni. Tsiku lina m'mawa, amuna anga atapita kale, msana unayamba kundidula ndili pa beseni. Mmene mnzanga wa khomo loyandikana ankabwera ndi munthu woti andithandize, zonse zinali zitatha.

Munthuyo anali mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene anafika ku Joni enafe tikadali pamsana. Tonse tinkangowaitana kuti amayi. Kukagwa maliro, mkazi akamenyedwa, mwana akatentha thupi, oyamba kuitanidwa anali iwo, ndipo ankabwera ngakhale mvula ikugwa. Atalowa anatseka chitseko, anandiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti ndisalire.

Kwathu mwana wobadwa wakufa timati nthayo, ndipo nthayo si maliro. Salira, sakhoma bokosi, saimba nyimbo, sapereka dzina. Amakataya amayi okhaokha, m'dzenje losaya, ati likakhala lakuya mayi wake sadzaberekanso. Mwamuna sauzidwa malo. Amayi aja anatsata zonsezi ngati tili kumudzi, osati pakati pa mafakitale ndi njanji. Anakulunga mwanayo m'chitenje changa, anamuika m'chikwama chachikulu chamizeremizere, natuluka ndi amayi ena awiri ngati akupita kukaoda kabichi. Atabwerako anandisambitsa, anandiphikira phala, n'kundiperekeza kukiliniki. Madzulo amayi aja anaimika amuna anga pakhomo n'kuwauza mawu ochepa okha, akuti zalephereka, limbani mtima. Amuna anga anakhala panja, pa kireti, mpaka kuzizira kunawalowetsa m'nyumba. Nkhaniyo sitinaikambeponso.

Malowo ndinawadziwa chifukwa cha kukakamira. Ndinawavutitsa amayi aja masabata angapo, mpaka tsiku lina tikupita kokwerera matakisi analoza ndi mlomo mtengo wopindika uja, osaima, osatembenuka. Kuyambira pamenepo ndinkadutsa pamenepo m'mawa uliwonse. Sindinkaima, poopa maso a anthu. Ndinkangochepetsa liwiro, nthawi zina n'kuwerama ngati ndikukonza nsapato. Panalibe mtanda kapena mwala, panali udzu ndi mapepala ouluka ndi mphepo, koma ine zinkandikwanira.

Patapita zaka kunabwera anyamata ovala zikhoti zonyezimira, atanyamula makina a miyendo itatu. Ankasuzumira m'makinamo, kukuwirana manambala, n'kumakhoma zikhomo zomangirira nsanza zofiira. Moni sanatipatse. Ukawafunsa ankati funsani akuluakulu, ife tangotumidwa. Chikhomo china anachikhoma pafupi kwambiri ndi mtengo wanga, moti nditatsamira mtengowo ndikanachigwira ndi phazi. Tsiku limenelo ndinapsereza kolala ya shati ya bwana, madamu n'kundifunsa ngati ndayamba kumwa.

Mphekesera zinayenda mwezi wathunthu. Ena ankati ndi njanji, ena ankati ndi mapaipi, wina wodziwa zonse ankati akumanga sitolo zikuluzikulu ndipo tonse tilembedwa ntchito. Kenaka galimoto ya chimkuzamawu inazungulira kuitana anthu kumsonkhano Loweruka, muholo ya sukulu ina.

Tinapita titatchena ngati tikupita kutchalitchi. Ndimakwiya ndikakumbukira mmene tinakhalira. Palibe anatiuza pokhala, koma ife Amalawi tinakadziunjika kumbuyo kwenikweni, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, manja pamiyendo. Kutsogolo kunali khansala, azibambo awiri a kampani yojambula msewu, ndi mtsikana wina wa magalasi amene ankasonyeza mapu pakhoma. Analankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira m'Chizulu ndi m'Chisutu. Anati msewu wakale ndi wopapatiza, malole a kumafakitale akupha anthu, choncho aukuza kuti ukhale wa mbali ziwiri, ndi khoma la simenti m'mphepete. Mizere yoyamba ya mikhukhu ichotsedwa, eni ake okhala ndi zitupa akapatsidwa malo kupitirira Katlehong. Za ife ochita lendi sanatchule, ndipo ifenso sitinafunse.

Eni dziko sachita manyazi, ndipo tsiku limenelo ndinawasirira. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha ndi mapazi a nkhuku anaimirira n'kufunsa kuti akagulitsa kwa ndani kuseri kwa khoma, kwa makoswe kapena. Bambo wina wotsuka magalimoto anamenya tebulo. Gogo wina anafunsa chifukwa chimene mlatho wa oyenda pansi auika kutali choncho, pamene ana asukulu amadumphira pafupi ndi mpope, ndipo anakana kukhala pansi mpaka bambo wa kampani analemba. Ife kumbuyo kuja tinkangoombera m'manja aliyense, wofunsa ndi woyankha yemwe.

Pamapu paja mzere wa msewu unkayenda molunjika, koma pena pake unapindika ngati chigongono. Wina anafunsa chifukwa chake. Mtsikana uja anati pamenepo pali dambo, ndipo m'dambomo muli achule akuluakulu a mtundu wina amene atsala ochepa, malamulo salola kuwasokoneza. Holo yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke. Ndinaona kuti msewu umenewu, ndi ukulu wake wonse, ukhoza kupatuka.

Kenaka bambo wina wokalamba anati agogo ake, amene ankagwira ntchito kumigodi, anaikidwa kuseri kwa njanji pamodzi ndi anzawo. Mtsikanayo anamuitana kutsogolo, anamupatsa cholembera kuti aloze, nazunguliza malowo. Anati manda sangawapondereze: kapena msewu usuntha, kapena mafupa awasamutsa mwaulemu abale ake ali pomwepo. Atatero anatembenukira kwa ife tonse n'kufunsa ngati pali manda ena amene iwo sakuwadziwa. Anafunsa pang'onopang'ono, ndipo womasulira anabwereza kawiri.

"Ngakhale opanda mwala," anatero. "Ngakhale a khanda. Mukatiuza lero tikhoza kukonza. Makina akabwera zidzakhala zitatha."

Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangoona kuti ndanyamuka pabenchi, dzanja likukwera. Pomwepo dzanja lina linandigwira pantchafu n'kutsina, kutsina kwenikweni kosiya chizindikiro. Anali amayi aja. Nkhope yawo inali kutsogolo ngati akumvetsera ulaliki, milomo yokha ndiyo inkayenda.

"Khala pansi. Amuna ali pompano."

Ndinayang'ana mbali ya amuna. Amuna anga anali pamenepo, chipewa pabondo, akuyang'ana mapu mwachidwi ngati mwana woonera kanema. Ndinakhala pansi. Mtsikana uja anadikira pang'ono, anayang'ana mbali yathu, kenaka anati zikomo, ndiye kuti palibe. Anatigawira timabotolo ta madzi ndi mabanzi, ndipo anthu anakanganirana mabanziwo pakhomo.

Panjira ndinawadikira amayi aja mpaka tinatsala awiri. Sindinayambe ndawayankhapo mwamwano, koma tsiku limenelo ulemu unandithera. Ndinawafunsa kuti anandigwiriranji. Anati ndikanati chiyani pamaso pa amuna onse aja, nkhani ya amayi yotere. Anati ndiganizenso: tinakumba dzenje m'dziko la eni popanda chilolezo, mawa lake apolisi akanabwera kudzafunsa kuti anakumba ndani, anaona ndani, mapepala anu ali kuti, ndipo theka la mpingo wathu likanapakiridwa kubwerera kumudzi chifukwa cha ine.

"Achule ali ndi owalankhulira, amayi," ndinatero.

"Nthayo si maliro, mwana wanga. Unayamba liti kuiwerengera ngati munthu?"

"Ankagunda."

Anangokonza duku lawo n'kupitiriza ulendo. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sindingawade ndi mtima wonse. Ndi iwo amene anandisambitsa tsiku lija pamene ndinalibe mbale aliyense, ndipo za apolisizo sankanama. Koma ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi mwambo wouza mayi kuti mwana amene wamunyamula si munthu, ndinakwiyanso ndi anthu a mapu amene amaganiza kuti mkazi angaimirire muholo yodzaza amuna, apolisi ali pakhomo, n'kunena chinthu chotere pa chimkuzamawu. Anatifunsa, inde. Anafunsa m'njira yoti akalembe kuti anafunsa.

Pamsonkhano paja ananena kuti amene ali ndi mawu ena apite ku ofesi yawo m'tauni mwezi usanathe. Ndinapempha madamu kuti ndiweruke msanga, ndinakwera takisi, ndinaipeza ofesiyo. Mawu ndinali nditawakonza m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndikuwabwereza njira yonse. Pageti panali mlonda, ndipo aliyense wolowa ankayamba waonetsa chitupa. Pasipoti yanga masiku anali atatha kalekale. Ndinamuuza kuti ndikungofuna mtsikana wa magalasi wa zamsewu, andiitanire panja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandifunsa kuti kwanu n'kuti, sisi, ndipo mmene anafunsiramo ndinadziwa kuti ndibwerere. Amaitana anthu a m'mikhukhu kuti adzalankhule, n'kuika pakhomo munthu wofunsa chinthu chimene anthu a m'mikhukhu alibe.

Ndinabwereranso kwa amayi aja, ulendo uno modzichepetsa, nditanyamula shuga. Ndinawapempha kuti tipite ndi amayi awiri aja tikamuchotse mwanayo, tikamuike pena. Anakana. Anati nthayo safukula, palibe mkazi angavomere kugwira khasu limenelo, ndipo ngakhale titafukula tikamuika kuti, poti dziko lonse lino lili ndi mwini wake. Shuga analandira. Ndekha sindikanatha, chifukwa ndinkadziwa mtengo koma osati mbali yake, ndipo pamenepo pankadutsa anthu kuyambira m'bandakucha. Kuuza amuna anga ndinakuganizira kangapo. Koma ndinkalephera, poti kuyambira ndili mtsikana anandiphunzitsa kuti mwamuna akadziwa malo a nthayo m'nyumba mumalowa tsoka, ndipo ife tinali tikuyembekezabe kuti tidzapatsidwa mwana wina.

Kenaka kunangoti zii. Mvula inabwera n'kupita, zikhomo zija anthu anazula n'kusonkhera moto, nsanza zofiira ana ankamangira mipira. Anthu anayamba kunena kuti ndalama za msewu zadyedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinapempherera akuba kuti adye zonse. Ndinayambiranso kukonza nsapato pamtengo paja ndi mtima wokhazikika.

A msewu aja anabwera m'nyengo yozizira. Anayamba ndi mikhukhu ya kutsogolo. Malole ananyamula anthu ndi malata awo, amayi aja ali m'gulu lomwelo poti iwo anali ndi mapepala akale. Ochita lendi anangomwazikana, ena ku Reiger Park, ena kwa abale, ena sitikudziwa mpaka lero. Telala wa ku Mangochi amene ankasokera pakhonde pafupi ndi msewu anagulitsa makina ake n'kubwerera kumudzi. Mpingo wathu unatsala anthu oti n'kukwana pa mabenchi awiri. Mkhukhu wathu unapulumuka chifukwa unali mkati.

Nthawi imeneyo amuna anga anali atakhala miyezi osapeza ganyu. Ankapita kukaima pageti la sitolo ya zomangira ndi anzawo, n'kubwerako madzulo milomo itauma. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito takisi inatitsitsira kwina chifukwa njira yathu anali atatseka ndi mipanda ya waya, ndipo ndinalowa m'Dukathole chakumbuyo osaona kumitengo kuja. Nditafika ndinapeza chipika chachikulu pakhomo, mbaula ikuyaka, amuna anga akuimba nyimbo ya kwaya, utuchi uli m'tsitsi. Anati Mulungu wayankha. Kapitawo wina wa kampani yaing'ono yolambula njira anabwera pageti paja kufuna anthu, ndipo anasankha Amalawi chifukwa sitivuta. Anati agwetsa mitengo yonse ya bulugama tsiku limodzi, katapila akubwera pambuyo kuzula zitsa ndi kusalaza. Anati unavuta ndi umodzi wopindika, unkafuna kugwera anthu, mpaka anachita kuukoka ndi chingwe. Nkhuni anawalola kutenga.

Ndinakhala pabedi chikwama chikadali paphewa. Anandifunsa ngati ndadwala. Ndinayang'ana moto uja, kenaka ndinawauza. Sindinasankhe mawu, sindinachepetse mawu, a khomo linalo ayenera kuti anamva zonse. Ndinawauza za mtengo, za dzenje losaya, za dzanja limene linanditsina muholo iwo akuonera mapu.

Amuna anga anayang'ana chipika chija. Kenaka anatenga ndowa ya madzi n'kuthira pambaula, utsi n'kudzaza m'nyumba.

"Amake mwana, zaka zonsezi ndimadutsa pamenepo. Bwanji osandiuza?"

"Amuna sauzidwa."

"Ndani ananena? Si wanga mwanayo?"

Mkwiyo umene ndinali nawo unasowa pogwera. Munthu uyu anagwira chingwe ndi manja ake, akusangalala kuti mkazi wake aotha moto.

M'mawa mwake tinapita limodzi ntchito isanayambe. Mlonda anatilola chifukwa amuna anga anavala chikhoti chonyezimira cha kampani ija. Panalibe choti n'kuona. Kuyambira kunjanji mpaka kumpope linali dothi lofiira lokhalokha, losalazidwa, lodzaza mapazi a katapila. Dothi lapamwamba anali atalikokolola n'kulikweza m'malole dzulo lomwelo. Amuna anga anayenda uku ndi uku. Anaima pena n'kunena kuti unali apa, kenaka anayang'ana kunjanji, anasuntha, n'kunena kuti kapena apa. Anafunsa dalaivala wina kumene amakataya dothi, iye anati kosiyanasiyana, kulikonse kumene kuli dzenje lofuna kukwirira. Ine ndinkangoima, chisanu chikundilowa m'mapazi.

Kapitawo anaimba likhweru kuitana anthu ake. Amuna anga anabwera pafupi, osandiyang'ana kumaso, n'kufunsa chinthu chimene sanafunsepo chiyambire.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti sindikudziwa. Tsiku lija amayi aja anamukulunga msanga, ine nditayang'ana kukhoma monga anandiuzira. Ndinawauza amuna anga kuti ndikafunsa. Anagwedeza mutu, anatenga fosholo n'kupita kumene kunali anzawo, chifukwa mwezi unali kutha ndipo mwini mkhukhu sadya chisoni.

Kupeza kumene anawasamutsira amayi aja kunanditengera nthawi. Ndinakwera matakisi awiri Lamlungu lina, kupitirira Katlehong, mpaka kumalo a fumbi opanda mtengo ngakhale umodzi, kumene mikhukhu inandandalikidwa ngati makola a nkhuku. Ndinawapeza atakhala padzuwa, ataonda, miyendo itatupa. Kuno palibe ankawaitana kukathandiza, poti anthu awo onse anali atabalalika. Anandilandira bwino, anafunsa za kunyumba. Ndinawauza kuti mitengo ija inapita, ndi kuti bambo a mwana akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha.

Anatseka maso kuganiza. Ndinaona kuti akuyesetsadi, milomo ikuyenda ngati akutchula anthu.

"Wako unali chaka chiti, paja? Cha mvula ya matalala chija?"

Ndinati ayi, chotsatira chake.

"Pepa, mwana wanga, zasokonekera m'mutumu. Pamitengo paja sanali wako yekha. Mtengo uliwonse unali ndi wake, ina awiri. Amene unakhala nawo pabenchi tsiku lija, ambiri a iwo ndinawanyamulira ine chikwama."

Ndinawafunsa ngati panali wina amene anayesa kuimirira muholo muja kupatula ine. Anati manja ali nawo awiri okha, lina linagwira ine, lina linagwira mkazi wa telala.